Gnocchi zanga zinasanduka phala pamaso pa alamu: ndinalakwitsa pati?

Funso: Ndinagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg zaka zinayi. Abwana anga ankakonda chakudya cha ku Italy chotchedwa gnocchi, timibulu ta mbatatesi tophikidwa mu uvuni pamodzi ndi tchizi ndi anyezi ofiirira, otsekemera. Kumeneko timibuluto tinkagula m'mapaketi. Pano ndili kwathu ku Lilongwe, ndipo alamu anga atabwera kudzationa ndinati ndipange ndekha. Manyazi ake! Timibulu tinasungunuka n'kukhala phala, anyezi anafiira msanga koma ankawawa, ndipo pamwamba pa tchizi panayandama mafuta. Ndinalakwitsa pati?

Yankho: Mayi, manyazi a pamaso pa alamu ndimawadziwa, koma musadzitaye. Zimenezi zinawachitikiranso eni chakudyacho. Pellegrino Artusi, m'buku lake la maphikidwe limene linayamba kutuluka ku Italy mu 1891, anasimba za mayi wina amene anaponya gnocchi zake m'madzi owira, atatakasa n'kupeza mumphika mulibe kanthu. Zonse zinali zitasungunuka chifukwa ufa unachepa. Ngati zinavuta kwawo komweko, inu pa ulendo woyamba simunachite zachilendo. Ndipo pali chimodzi chimene ife timawaposa alendo ambiri: dzinali amalitchula kuti "nyoki", ndi "ny" wathu yemweyu wa mu nyama ndi nyemba, amene Angerezi amalimbana naye.

Mwatchula mavuto atatu, koma ine ndikuona limodzi. Onsewo ndi nkhani ya madzi. Mbatatesi zanu zinali ndi madzi ochuluka. Anyezi munawapatsa moto waukulu madzi ake asanathe. Tchizi chinatentha kwambiri mpaka madzi ake anathawa, mafuta n'kutsala okha. Mukamvetsa kumene madzi ali ndi kumene akuyenera kupita pa gawo lililonse, miyeso ya m'mabuku idzangokuthandizani pang'ono, zambiri mudzaziona ndi maso.

Tiyambe ndi anyezi, chifukwa ndi amene amadya nthawi, ndiponso ndi pamene dzanja lathu limatinamiza. Tinazolowera kukazinga anyezi a ndiwo: mafuta atenthe, anyezi alowe, mphindi zitatu afiire m'mphepete, tomato n'kutsatira. Kwa ndiwo zimenezo n'zolondola. Koma anyezi amene munkadya ku Johannesburg aja ndi ntchito ina. Pa magalamu 100 aliwonse a anyezi, pafupifupi 90 ndi madzi, ndipo shuga wake wabisala m'gawo lotsalalo. Madzi akamawira sapyola 100°C, pamene kufiira kokomako kumafuna kutentha koposa pamenepo. Choncho anyezi akadali onyowa sangafiire bwino. Mukawonjezera moto kuti zifulumire, timbali topyapyala tokhudza chiwaya timauma n'kupserera, mkati mukadali mwawisi. Maso amaona kufiira n'kuganiza kuti zatheka, koma lilime limamva kuwawa kwa chinthu chonyeka. N'zimene zinachitika kwa inu.

Kufiira kwenikweni kumachokera ku zinthu ziwiri zochitika pamodzi madzi akachepa. China ndi shuga amene amasintha mtundu ndi kakomedwe akatentha. China ndi kukumana kwa shuga ndi tizigawo ta mapuloteni, kumene katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anafotokoza mu 1912. Ndi kumene kumafiiritsa khungu la buledi, nyama yowotcha ndi mtedza wokazinga. Zonse ziwirizi zimafuna moto wapakati ndi kudekha.

Pa chakudya cha anthu anayi kapena asanu, tengani kilogalamu imodzi ya anyezi. Mudzaona ngati achuluka, poto adzadzaza, koma pomaliza mudzatsala ndi kapu imodzi ndi pang'ono. Dulani kuchokera kumutu kupita kumizu, motsatira mizere ya anyeziyo, osati mopingasa, chifukwa odulidwa mopingasa amaphwasuka msanga. Akhale okhuthala ngati theka la sentimita ndipo akhale ofanana, poti kachidutswa kopyapyala kamodzi kakanyeka kamaipitsa anzake. Poto akhale wokhuthala pansi. Timapoto topyapyala tija timatentha malo amodzi, ndipo anyezi amanyeka pakati pomwe m'mbali akadali oyera. Ikani magalamu 40 a batala ndi supuni imodzi ya mafuta ophikira, anyezi onse, theka la supuni yaing'ono ya mchere, ndi madzi okwana kotala ya kapu. Vundikirani kwa mphindi 10 pa moto wapakati.

Mwina mukudabwa kuti ndikuthira madzi pomwe ndanena kuti tikufuna madzi achoke. Nthunzi imafewetsa anyezi onse nthawi imodzi, ndipo anyezi ofewa amataya madzi awo msanga kuposa awisi. Mukavundukula mudzapeza aphwa, akusambira m'madzi awo. Pamenepo chivundikiro chichoke osabwereranso. Madzi aja akauma, chepetsani moto, muzitakasa pakapita mphindi zitatu kapena zinayi zilizonse.

Posakhalitsa pansi pa poto padzayamba kumata kankhoko kofiirira. Musachite nako mantha, kukoma konse kuli pamenepo, monga mmene ana amalimbirana nkhoko za nsima. Kakayamba kuda, thirani masupuni awiri a madzi n'kupala ndi mthiko. Kankhoko kaja kamasungunuka n'kukuta anyezi onse, madziwo n'kuuma, kena n'kuyambanso kumata. Mudzabwereza zimenezi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Mtundu udzayenda kuchokera ku kuyera, kufika ngati tiyi wa mkaka, kenako ngati chiponde, mpaka ngati uchi wakuda. Imani pamenepo, chifukwa akupitanso mu uvuni. Akafika pofanana ndi khofi mwapitirira. Ntchito yonseyi imatenga mphindi 45 mpaka ola lathunthu. Maphikidwe ambiri a pa intaneti amalemba kuti mphindi 10 kapena 15, ndipo ine ndimawaona ngati amene amagwetsa anthu ambiri m'dzenje limene munagweramo.

Pali njira ziwiri zachidule zimene anthu amakonda. Ena amathira shuga. Ine sindithira, chifukwa shuga wowonjezera amafiira msanga anyezi asanapse, ndipo chakudya cha tchizi ndi batala chikatsekemera kwambiri chimatopetsa pakamwa. Ena amaika soda, yemwe uja wa m'therere. N'zoona kuti soda amafulumizitsa kufiira, koma mukudziwa zimene amachita ndi masamba: amawaphwasula. Anyezi a soda amasanduka phala lofiirira, ndipo akachuluka pang'ono pokha mumamva kafungo ka sopo. M'chakudya chimene timibulu n'tofewa kale, msuzi n'ngofewa, anyezi akuyenera kukhala ndi kathupi koti dzino likapeze. Sodayo musiyireni therere.

Pomaliza thirani supuni yaing'ono ya viniga kapena madzi a ndimu, ndi adyo mano awiri opera, muphike mphindi imodzi. Ngati muli ndi masamba a thyme, ano ndi malo ake. Kuwawasa pang'onoko kumadzutsa kutsekemera. Anyezi amenewa mukhoza kuwaphika dzulo lake, amakhala bwino m'furiji masiku atatu kapena anayi, ndipo tsiku la alendo mumakhala mutachotsa kale ola lathunthu pa ntchito.

Tsopano timibulu. Za m'paketi zimene munazolowera zimakhala zolimba chifukwa amazipanga kuti zipirire ulendo ndi shelefu ya m'sitolo, ndipo zimakhululuka zolakwa zambiri. Zopanga nokha n'zofewa, n'zokoma kuposa, koma sizikhululuka. Vuto lake lili chonchi: ufa wa tirigu ndi umene umagwira mbatatesi kuti zisabalalike, koma ufa ukachuluka timibulu timalemera n'kumatafunika ngati labala. Mbatatesi zonyowa zimakukakamizani kusankha pakati pa zoipa ziwiri. Mukaika ufa wochepa mumapeza phala lanu lija, mukaika wambiri mumapeza miyala. Njira yokhayo yopulumukira ndi kuyamba ndi mbatatesi zouma.

Anthu a ku Italy amati gnocchi zimafuna mbatatesi zakale. Zongokumbidwa kumene, za khungu lopyapyala losendeka ndi chala, zimakhala ndi madzi ambiri. Mukamagula kachewere wa ku Dedza kapena ku Ntcheu, sankhani zazikulu, za khungu lokhwima, za mtundu umene ukaphikidwa umayera n'kumanyenyeka ngati ufa, osati umene umakhala wosalala ngati sopo. Amene ali ku Britain afunefune Maris Piper kapena King Edward. Ngati simukuudziwa mtundu wake, pali kayesedwe kosavuta: sungunulani magalamu 120 a mchere mu lita imodzi ya madzi, muponyemo mbatatesi yosasenda. Yomira ndi yolemera, ili ndi ufa wambiri m'thupi mwake, ndiye yoyenera. Yoyandama isungeni, mudzaphikire nyama. Malo obiriwira ndi mphukira muzichotsa, n'zowawa ndipo si zabwino m'mimba.

Ndikukayikira kuti munasenda, n'kuduladula, n'kuwiritsa, monga timachitira masiku onse. Mbatatesi yodulidwa imamwa madzi mbali zonse. Njira yabwino ndi kuziwotcha zosasenda mu uvuni pa 200°C kwa ola limodzi, mutaziboola ndi foloko kuti nthunzi izituluka. Ngati uvuni palibe, ziwiritseni zathunthu ndi makoko ake, kuyambira m'madzi ozizira, ndipo musamaziboole pafupipafupi poyesa ngati zapsa. Zikapsa khuthulani madzi, muzibwezere pa moto wochepa mphindi ziwiri kuti ziume. Sendani zikadali zotentha, mutazigwira ndi kansalu. Kenako zikanikizeni ndi chipande kuti zidutse pa sefa ya waya, zigwere pa tebulo loyera. Musaziike m'makina opera, ngakhale kuzisinja mumtondo. Kupera mwamphamvu kumaswa timatumba ta ufa ta mkati mwa mbatatesi, ndipo zimasanduka ulimbo umene ufa ngakhale wochuluka bwanji sungaukonze. Zikadutsa pa sefa zimwazeni, muzisiye mphindi zisanu nthunzi ituluke. Nthunzi iliyonse imene mukuiona ikukwera ndi ufa umene simudzafunika kuthira.

Pa kilogalamu imodzi ya mbatatesi, konzani magalamu 250 a ufa wa tirigu wamba, wopanda zotupitsa, yolk (mbali yachikasu ija) ya dzira limodzi, ndi supuni yaing'ono ya mchere. Ku Italy kuli mkangano wakale wa dzira. Ena amati limalimbitsa timibulu mosayenera. Kwa amene akudziwa bwino mbatatesi zake mwina n'zoona, koma inu mukupita nazo mu uvuni, kumene zikaphikidwe kachiwiri, ndiye ikani. Thirani magawo atatu mwa anayi a ufawo, otsalawo akhale pambali.

Apa dzanja lidzafunanso kukunamizani. Amene anakandapo ufa wa mandasi kapena wa buledi amadziwa kuti ukakandidwa nthawi yaitali umatanuka, ndipo kwa buledi ndi chimene timafuna. Kwa gnocchi kutanukako ndiye labala ndanena uja. Musakande. Sonkhanitsani ndi manja, pindani, kanikizani pang'ono, pindaninso, ndipo zikangogwirana kukhala chibulu chimodzi, lekani. Mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana. Chibulucho chikhale chofewa ngati kunsi kwa khutu, chomata pang'ono koma chosatsalira m'zala.

Ndiye chinthu chimene chikanakupulumutsani tsiku lija: musanaumbe zonse, yesani kamodzi. Madzi akhale akuwira kale. Tsinani kachidutswa, muponyemo. Kakayandama kali kathunthu, pitirizani. Kakayamba kumwazika, wonjezani supuni ziwiri za ufa, muyesenso. Mayi wa m'buku la Artusi uja akanachita zimenezi, nkhani yake sikanalembedwa.

Dulani chibulu pazigawo zisanu ndi chimodzi, chilichonse muchikunkhunize pa tebulo lowaza ufa mpaka chikhale chingwe chonenepa ngati chala chachikulu, n'kudula timibulu ta masentimita awiri. Timizere timene munkationa pa za m'paketi amatipanga pokunkhuniza kambulu pa mano a foloko, kuti msuzi uzigwira. Pa chakudya cha mu uvuni ine sindivutika nato, tchizi chimakwirira zonse. Chimene simuyenera kuchita ndi kuzisiya pa tebulo nthawi yaitali, chifukwa mbatatesi zimapitiriza kutulutsa chinyezi ndipo pakatha ola zimayamba kumata. Ngati mukufuna kukonzeratu, ziyaleni pa thireyi zosakhudzana, ziume gwa mufiriza, kenako muziike m'pepala la pulasitiki. Tsiku lophika zichoke mufiriza n'kulowa m'madzi owira, osadikira kuti zisungunuke.

Powiritsa, mphika ukhale waukulu, madzi ambiri a mchere, owira modekha, osati ogaduka. Ponyani timibulu 20 kapena 25 pa nthawi imodzi. Timamira kaye, ndipo pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri timayandama. Tikangoyandama tivuuleni ndi chipande chobooka. Musazikhuthulire pa sefa ngati mpunga, zimaphwanyana. Musadikirenso kuti zipse kwambiri, uvuni ukudikira. Kenako pali kanthu kamene ambiri amadumpha koma ine sindikusiya: sungunulani batala pang'ono m'chiwaya, mukazinge timibuluto mbali imodzi mpaka tichite kakhungu kagolide, mphindi ziwiri kapena zitatu osatigwedeza. Kakhungu kameneko ndi mpanda. Kamaletsa msuzi kulowerera mkati, ndipo ngakhale pambuyo pa mphindi 20 mu uvuni kambulu kalikonse kamakhala pakokha.

Ndipatukeko pang'ono. Ambiri amati chakudyachi chinayamba ngati cha anthu osauka. Mbatatesi kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America, zinafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo zinatenga nthawi yaitali kuti anthu a ku Italy azizolowere. Gnocchi zakale ankapanga ndi ufa ndi nyenyeswa za buledi. Ku Verona mpaka lero, Lachisanu lomaliza nyengo ya Lenti isanayambe, amachita chikondwerero cha gnocchi, ndipo mfumu ya tsikulo, Papà del Gnoco, imanyamula chifoloko chachikulu chobaya chimbulu. Anthu a ku Italy amene anasamukira ku Argentina ndi Uruguay anapita nazo, ndipo kumeneko amadya pa 29 mwezi uliwonse, tsiku limene m'thumba mwauma malipiro asanafike, ena ataika kandalama pansi pa mbale. Ku Argentina dzina lomweli amatchulira nalonso anthu amene ali pa mndandanda wa malipiro a boma koma amangoonekera kumapeto a mwezi.  Ku Italy komweko, ku Sorrento amaziphika mu uvuni ndi tomato ndi tchizi cha mozzarella, kumapiri a kumpoto cha ku Valle d'Aosta amazikuta ndi tchizi cha fontina. Za anyezi ofiirira zimene munkadyazo zinabwereka nzeru ku supu ya anyezi ya ku France, imene imakhala ndi buledi ndi tchizi chosungunuka pamwamba.

N'chifukwa chake maphikidwe ambiri a chakudyachi amatchula Gruyère, tchizi cha ku Switzerland, chimene chimasungunuka bwino ndipo chili ndi kakomedwe konga ka mtedza kogwirizana ndi anyezi. Kuchipeza kuno n'kovuta ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Musadandaule nacho. Gouda imagwira bwino ntchito imeneyi, ndipo cheddar wamba, wosakhalitsa, nayenso ndi wabwino.

Mafuta anayandama aja anachokera apa. Tchizi ndi ukonde wa mapuloteni a mkaka umene wagwira timadontho ta mafuta ndi madzi. Chikatentha pang'ono ukondewo umamasuka, tchizi n'kuyenderera. Chikatentha kwambiri, kapena kwa nthawi yaitali, ukondewo umakhwinyata ngati nsalu yofinyidwa, madzi amauluka, mafuta amatuluka, ndipo pansi pamatsala zotanuka zolimba. Tchizi chokhalitsa, chouma, cha fungo lamphamvu, chimachita zimenezi msanga chifukwa madzi ake ndi ochepa kale. Ngati munangowaza cheddar yambiri pamwamba pa timibulu touma n'kusiya mu uvuni theka la ola kapena kupyola, mafuta sakanalephera kutuluka. Chinanso, tchizi chogula chokwechakwecha kale nthawi zambiri amachiwaza ufa woletsa kumatana, ndipo sichisungunuka mosalala. Gulani chathunthu mukweche nokha, chikadali chozizira.

Mankhwala ake ndi kuchipatsa tchizi nyumba yoti chikhalemo, ndiyo msuzi woyera wa mkaka. Sungunulani magalamu 30 a batala, thirani magalamu 25 a ufa wa tirigu, takasani mphindi ziwiri pa moto wochepa kuti fungo la ufa wawisi lichoke. Thirani theka la lita ya mkaka pang'onopang'ono mukutakasa, monga mmene mumachitira kuti phala lisachite mibulu, ndipo msuziwo uwire mphindi zisanu. Ukhale wopyapyala kuposa phala la mwana, wongokuta kumbuyo kwa supuni, chifukwa timibulu tidzamwako mu uvuni ndipo udzakhuthala wokha. Tsopano phulani. Dikirani kuwira kuleke, kenako thirani tchizi dzanja limodzi limodzi, lina likasungunuka n'kuika lina. Ufa uli mumsuziwo umalowa pakati pa mapuloteni n'kuwaletsa kukhwinyata pamodzi, ndipo mafuta amakhala omwazika mumkaka. Anthu a ku Switzerland amachita chimodzimodzi akamaika ufa pang'ono wa chimanga wosalala mu fondue yawo, chakudya cha tchizi chosungunula mumphika. Pa magalamu 200 a tchizi, 130 alowe mumsuzi, 70 atsale a pamwamba. Onjezani tsabola wakuda, nutmeg pang'ono ngati ilipo, ndi supuni yaing'ono ya mustard. Mchere mulawe kaye, tchizi chimabwera ndi wake.

Mozzarella imapereka tizingwe totanuka tija timene ana amakonda, koma kukoma kwake n'kochepa, ndiye ikhale yosakaniza ndi china. Yonyowa ya m'madzi ija muifinye ndi kuiumitsa pa kansalu, apo ayi idzabweretsa chithaphwi. Parmesan ndi ya kakomedwe, masupuni awiri pamwamba akwana. Feta ndi halloumi musaziyese pano, sizisungunuka. Ngati muli ndi kirimu wa mkaka wokhuthala, mamililita 300 ake akhoza kulowa m'malo mwa msuzi woyera, koma ine ndimakonda wa mkaka, n'ngotchipa ndipo sulemetsa m'mimba.

Kuphatikiza n'kwachangu. Pakani batala m'mbale yophikira mu uvuni, yotakata osati yakuya, kuti timibulu tisasanjikizane koposa kawiri. Mbale yakuya imasunga nthunzi pansi, za pansizo n'kufewa mopitirira. Sakanizani mofatsa timibulu, msuzi ndi magawo awiri mwa atatu a anyezi. Anyezi otsalawo muwaike timilu timilu pamwamba, kenako tchizi chiwakwirire, chifukwa anyezi oonekera amanyeka. Uvuni ukhale utatentha kale pa 200°C. Mphindi 15 mpaka 20 zakwana. Zonse zili m'mbalemo n'zakupsa kale, mukungofuna kuti zigwirizane ndi kuti pamwamba pafiire. Mukaona m'mphepete mukubwata koma pamwamba pakadali poyera, yatsani moto wapamwamba wokha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mutaima pomwepo. Kutalikitsa nthawi kuti pafiire ndi njira yobwezera mafuta aja.

Magetsi akathima, mbaula imatha. Gwiritsani poto wokhuthala wa chivundikiro chachitsulo, muchite monga pophika chikondamoyo, koma makala a pansi akhale ochepa kwambiri, ambiri akhale pa chivundikiro. Msuzi wa mkaka umanyeka pansi msanga kuposa ufa wa chikondamoyo. Suzumirani pakatha mphindi 10.

Mukaphula, musathamangire nayo patebulo. Ikhale mphindi 10. Msuzi wongotuluka mu uvuni umakhala wamadzimadzi, ukazizira pang'ono umagwira timibulu, ndipo chipande chimatuluka ndi gawo looneka bwino m'malo mwa chithaphwi. Pambali pake ikani chinthu chowawasa kapena chowawira pang'ono. Ku Ulaya amaika saladi wa masamba ndi viniga. Mpiru wongofwafwaza wothira ndimu umagwira ntchito yomweyo, ndipo ine ndimauona kuti umaposa letesi. Zotsala zimakhala m'furiji masiku awiri. Potenthetsa thirani masupuni awiri a mkaka, muvundikire, moto ukhale wochepa.

Musanawaitanenso alamu, phikani theka la miyeso imeneyi tsiku wamba, pa banja panu pokha, ndipo mulembe penapake kuchuluka kwa ufa umene mbatatesi zanu zinamwa. Za m'dzinja ndi za m'chilimwe sizimwa mofanana, ngakhale mutagula kwa munthu mmodzi yemweyo, ndiye kambulu koyesera kaja muzikaponya m'madzi ulendo uliwonse.